Leicester City mu 2024/25: mafunso ndi mayankho pa sizoni yomwe timuyi inatuluka mu Premier League

Nkhani ya Leicester City imabwerabe anthu akamakambirana za mpira wa ku England, makamaka pakati pa amene amatsatira Patson Daka, womwetsa zigoli wa ku Zambia. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri. Tayamba ndi osavuta, kenako a ndalama ndi a utsogoleri wa timuyi.

Kodi chinachitika n'chiyani, mwachidule?

Leicester inalowanso mu Premier League mu 2024 itatenga ligi ya Championship ndi mapointi 97. Sizoni isanayambe, mphunzitsi amene anaikweza, Enzo Maresca, anapita ku Chelsea. Amene anamulowa m'malo, Steve Cooper, anachotsedwa ntchito mu November. Ruud van Nistelrooy anabwera kudzaipulumutsa koma zinthu zinangoipiraipira, ndipo pa 20 April 2025 timuyi inatuluka mu ligi itagonja 1-0 pakhomo ndi Liverpool, kudakali masewero 5.

Pomaliza inali pa nambala 18 ndi mapointi 25. Inapambana masewero 6, kufanana mphamvu 7, kugonja 25. Inagoletsa zigoli 33, koma goloboyi wake anatola mpira mu ukonde ka 80.

Kutuluka mu ligi kumayenda bwanji ku England?

Mu Premier League muli matimu 20 ndipo iliyonse imasewera masewero 38. Atatu apansi amatsikira ku Championship. Kuchokera kumeneko amakwera atatu: awiri apamwamba amakwera mwachindunji, wachitatu amapezeka matimu otsatira akachotsana (mu 2024/25 anali a pa nambala 3 mpaka 6).

Mu 2024/25 amene anatsika ndi omwewo amene anali atangokwera: Leicester, Ipswich Town ndi mapointi 22, ndi Southampton ndi mapointi 12. Chaka cham'mbuyo zinalinso chimodzimodzi kwa Luton Town, Burnley ndi Sheffield United. Izi zikusonyeza kuti phompho la pakati pa maligi awiriwa lakula. Tottenham, yomwe inatsiriza pa nambala 17, inali ndi mapointi 38, kutanthauza kuti Leicester sinaphonye pang'ono ayi.

Si Leicester yomwe ija inatenga ligi mu 2016?

Ndi yomweyo. Inatenga Premier League mu 2015/16 pansi pa Claudio Ranieri, ili ndi Jamie Vardy, Riyad Mahrez ndi N'Golo Kanté. Pansi pa Brendan Rodgers inathera pa nambala 5 kawiri motsatizana, ndipo mu 2021 inatenga FA Cup itagonjetsa Chelsea 1-0 ndi chigoli cha Youri Tielemans.

Kugwa kunayamba mu 2022/23. Rodgers anachoka mu April 2023, Dean Smith anatsogolera masewero 8 otsiriza, ndipo timuyi inatsika ndi mapointi 34. Choncho kutuluka kwa mu 2025 kunali kwachiwiri m'masizoni atatu.

Ndi aphunzitsi angati amene anadutsapo?

Zikutengera pamene mukuyambira kuwerenga. Pa masewero a ligi anakhala pa benchi ndi atatu. Cooper anatsogolera masewero 12 ndi kupeza mapointi 10. Ben Dawson, mmodzi wa othandizira, anagwirizira sewero limodzi lomwe anagonja 4-1 ku Brentford. Van Nistelrooy anatsogolera masewero 25 otsala ndi kupeza mapointi 15.

Koma mukabwerera pang'ono, kuyambira April 2023 mpaka July 2025 mpandowu unadutsa m'manja mwa Rodgers, Smith, Maresca, Cooper, Van Nistelrooy kenako Martí Cifuentes, osawerengera ogwirizira. Aliyense wa iwowa ali ndi kaseweredwe kakekake, ndipo osewera ambiri anali omwewo.

Maresca anachokeranji atangoikweza timu?

Chelsea inamufuna itasiyana ndi Mauricio Pochettino, ndipo kumayambiriro kwa June 2024 anapita. Palibe chodabwitsa pamenepo. Chomwe chinapweteka kwambiri n'chakuti Kiernan Dewsbury-Hall, wosewera wapakati amene anali mtima wa timuyi ku Championship, anamutsatira komweko pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni. Chifukwa chomugulitsira chili pa funso la malamulo a ndalama.

Maresca anasiya osewera ozolowera kusunga mpira, kuuyamba kumbuyo ndi goloboyi, kupatsirana modekha. Osewera ngati Harry Winks ndi Jannik Vestergaard ankawala m'kaseweredwe kameneko. Akuluakulu a timu anali ndi njira ziwiri: kupeza mphunzitsi wa maganizo ofanana, kapena kupeza wa maganizo ena n'kumugulira osewera omuyenera. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi mokwanira.

N'chifukwa chiyani Cooper anachotsedwa timu ili pa nambala 16?

Funso ili ndi limene limavuta kwambiri, chifukwa tsiku lomwe ankachotsedwa, pa 24 November 2024, Leicester sinali m'gulu la atatu apansi.

Cooper anayamba ntchito ali kale ndi chilema m'maso mwa masapota. Iye ndi amene anakweza Nottingham Forest mu 2022, ndipo Forest ndi mnansi yemwe Leicester sawonana naye bwino. Kugonja 3-1 pakhomo ndi Forest yomweyo mu October kunangowonjezera moto. Kaseweredwe kakenso sikankasangalatsa: timu inkapanikizidwa kwambiri, ndipo goloboyi Mads Hermansen ndi amene ankaibisa manyazi sabata ndi sabata. Atolankhani ambiri a ku England analembanso kuti ena mwa osewera akuluakulu sankakhutira naye.

Komabe mapointi ankabwera apa ndi apo. Anafanana mphamvu 1-1 ndi Tottenham pa sewero loyamba, anagonjetsa Bournemouth 1-0, ndipo ku Southampton anachokera kumbuyo ali 2-0 n'kupambana 3-2 ndi chigoli cha Jordan Ayew m'mphindi zowonjezera. Chomwe chinamutsiriza ndi kugonja 3-0 ku Manchester United, kenako 2-1 pakhomo ndi Chelsea ya Maresca. M'mawa mwake ntchito inatha.

Nanga nkhani ya ku Copenhagen inali yotani?

Usiku womwe anagonja ndi Chelsea, ena mwa osewera anakwera ndege kupita ku Copenhagen kukachita phwando lawo la Khirisimasi. Kanema yemwe anafala pa intaneti anaonetsa chikwangwani m'malo omwe ankasangalalawo, cholembedwa mawu osonyeza kumusowa Maresca. Ulendowo unali wololedwa, koma chithunzi chake chinali choipa: timu yangogonja, osewera akuvina pafupi ndi uthenga wolira mphunzitsi wakale, ndipo mphunzitsi wawo akuchotsedwa tsiku lotsatira.

Sizolondola kunena kuti phwandolo ndi limene linachotsetsa Cooper. Koma masapota ambiri anatengapo phunziro lakuti ku Leicester osewera ali ndi mphamvu kuposa mphunzitsi, ndipo maganizo amenewo sanachoke sizoni yonse.

Van Nistelrooy anamusankha poona chiyani?

Dzina lake ngati wosewera silifuna kufotokoza: Manchester United, Real Madrid, timu ya dziko la Netherlands. Ngati mphunzitsi anali ndi sizoni imodzi yokha pa timu yaikulu, PSV Eindhoven mu 2022/23, komwe anatenga chikho cha dzikolo. Mu October 2024 anagwirizira ku Manchester United Erik ten Hag atachotsedwa, ndipo pa masewero 4 anapambana 3. Awiri mwa atatuwo anagonjetsa Leicester yomweyi, 5-2 mu Carabao Cup ndi 3-0 mu ligi. Patangopita masabata ochepa, Leicester inamulemba ntchito pa 29 November ndi mgwirizano wofika mu 2027.

Chomwe analibe ndi luso lomenya nkhondo yapansi pa ligi. Kuphunzitsa PSV, yomwe imalimbirana ukatswiri chaka chilichonse, si chimodzimodzi ndi kutsogolera timu yomwe imathera nthawi yambiri ikuthamangitsa mpira.

Chiyambi chinanyenga anthu. Anagonjetsa West Ham 3-1 pa 3 December, koma West Ham inawombera ku golo ka 31 usiku umenewo. Kenako anabweza zigoli ziwiri kumapeto n'kufanana mphamvu 2-2 ndi Brighton. Zitatero anagonja masewero 7 a ligi motsatizana, anapuma popambana 2-1 ku Tottenham pa 26 January, n'kugonjanso 8 motsatizana osagoletsa ngakhale chimodzi.

Kodi n'zoona kuti anakhala miyezi osagoletsa pakhomo?

N'zoona, ndipo ndi mbiri yomwe inali isanachitikepo mu ligi yaikulu ya ku England. Chigoli cha Bobby De Cordova-Reid pa Brighton pa 8 December chinali chomaliza cha ligi pa bwalo la King Power mpaka 3 May. Pakati apo anagonja masewero 9 apakhomo motsatizana osagwedeza ukonde: 3-0 ndi Wolves, 2-0 ndi Manchester City, Crystal Palace, Fulham ndi Arsenal, 4-0 ndi Brentford, 3-0 ndi Manchester United ndi Newcastle, pomaliza 1-0 ndi Liverpool.

Taganizani munthu amene anagula tikiti ya sizoni yonse, akupita ku bwalo m'nyengo yozizira ija kwa miyezi pafupifupi isanu osaimirirapo kukondwerera chigoli cha ligi. Ambiri anayamba kutuluka mpira usanathe. Koyenda nakonso sikunali bwino: ku Everton pa 1 February anamwetsedwa chigoli patangotha masekondi 10, n'kugonja 4-0.

Kuvulala kunathandizirako. Abdul Fatawu, mnyamata wa ku Ghana amene ankathamanga kumbali, anavulala bondo mu November ali ndi timu ya dziko lake ndipo sizoni yake inathera pomwepo. Hermansen anavulala mu December ku Newcastle, ndipo Danny Ward amene analowa m'malo mwake pa sewero la Wolves anakuwizidwa ndi masapota ake omwe. Koma matimu onse amavulalitsa osewera, ndipo palibe ina yomwe inafika pamenepa.

Cooper akanasiyidwa, timu ikanapulumuka?

Mwina ayi. Mapointi 10 pa masewero 12, akanapitiriza choncho, akanafika cha m'ma 32, ndipo monga taonera pamwambapa, Tottenham inapulumuka ndi 38. Wolves ndi Crystal Palace, omwe anali pansi pake nthawi imeneyo, anadzuka n'kuthawa. Kaseweredwe ka Cooper kankadaliranso kwambiri Hermansen, yemwe anadzavulala.

Chomwe tinganene motsimikiza n'chakuti kusinthako kunaipitsa zinthu. Van Nistelrooy anapeza mapointi 15 pa masewero 25, ndipo 7 mwa amenewo anabwera timu itatuluka kale, pogonjetsa Southampton ndi Ipswich komanso kufanana mphamvu 2-2 ndi Forest. Pamene mapointi ankafunika, kuyambira pakati pa December mpaka tsiku lotuluka, anapeza 4 okha. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Leicester inataya wapamphunoyo.

Ndiye bwanji Van Nistelrooy sanachotsedwe msanga?

Apa ndi pamene utsogoleri wa timuyi unaonekera poyera. Cooper anachotsedwa atagonja masewero 6. Van Nistelrooy anagonja 18 ndipo anamaliza sizoni. Ngakhale ligi itatha pa 25 May, panadutsa mwezi wathunthu popanda chonena, iye mwini akuuza atolankhani kuti akudikira kukambirana ndi eni timu za tsogolo lake. Anasiyana pa 27 June 2025, masiku ochepa osewera asanabwerere kukonzekera sizoni yatsopano.

Chifukwa chomwe chimamveka kwambiri ndi ndalama. Kuchotsa mphunzitsi kumafuna kumulipira zotsala za mgwirizano wake pamodzi ndi omuthandizira. Leicester inali italipira kale Cooper, yemwe anasaina zaka zitatu, ndipo inali m'maso mwa oyendetsa ligi pa nkhani ya kagwiritsidwe ntchito ka chuma. Chifukwa china n'chophweka: kumuchotsa kukanakhala kuvomera kuti kusankha kwawo kunali kolakwika kachiwiri m'miyezi yochepa.

Pa mbali yake, Van Nistelrooy anayesa kukhwimitsa mwambo. Winks anasiya kuoneka m'timu kumapeto kwa sizoni, ndipo zinamveka kuti sanagwirizane pa pempho loti azigona usiku umodzi pa sabata ku malo okonzekerera a Seagrave m'malo moyenda mtunda wautali tsiku lililonse.

Malamulo a ndalama aja ndi otani, ndipo anakhudza bwanji sizoniyi?

Mu 2024/25 Premier League inali ndi malamulo otchedwa PSR. Mwachidule, timu isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ngakhale ndalama zina monga zosulira achinyamata ndi zomangira sizinkawerengedwa. Yopyola malire inkalandidwa mapointi, monga zinachitikira Everton ndi Nottingham Forest mu 2023/24.

Leicester inaluza mapaundi 92.5 miliyoni mu 2021/22 ndi 89.7 miliyoni mu 2022/23. Gwero lake linali malipiro: inkalipira osewera ngati timu yopikisana ku Ulaya, kenako ndalama za ku Ulayako zinasiya kubwera. Osewera ena odula, monga Tielemans, anachoka mwaulere mgwirizano wawo utatha.

Mu March 2024 Premier League inaiimba mlandu. Maloya a Leicester anatsutsa kuti pamene chaka chawo cha chuma chinkatha pa 30 June 2023, timuyi inali itatsika kale, choncho Premier League inalibe mphamvu yoiweruza. Mu September 2024 apilo inawakomera ndipo sanalandidwe pointi iliyonse. Koma chiweruzocho chinabwera msika wa osewera utatsekedwa. Nthawi yonse yofunafuna mphunzitsi ndi osewera, aliyense ankaganiza kuti Leicester iyamba ligi ili ndi ngongole ya mapointi. Dewsbury-Hall anagulitsidwa chifukwa chomwecho: wosewera woleredwa pakhomo akagulitsidwa, ndalama yonse imalembedwa ngati phindu. Nkhaniyi sinatherenso pomwepo, chifukwa mu May 2025 Premier League inatumizanso timuyi ku bungwe loweruza pa za chaka cha 2023/24.

Koma osewera anagula ndithu. Analakwitsa pati?

Anagula, ndipo ndalama zake sizinali zochepa. Oliver Skipp anachokera ku Tottenham ndipo Bilal El Khannouss ku Genk, aliyense pa mtengo wa m'ma 20 miliyoni. Kunabweranso Caleb Okoli kuchokera ku Atalanta, Ayew kuchokera ku Crystal Palace, De Cordova-Reid mwaulere, ndi Facundo Buonanotte pangongole kuchokera ku Brighton.

El Khannouss anaonetsa luso. Ena onse sanasinthe timu. Skipp nthawi zambiri ankakhala pa benchi. Chodandaulitsa kwambiri chinali Odsonne Édouard, yemwe anabwera pangongole kuchokera ku Palace tsiku lomaliza la msika: anangolowa masewero owerengeka, sanagoletse, koma anatseka amodzi mwa malo awiri okha omwe timu imaloledwa kubwereka osewera ku matimu anzake a mu ligi. Kumbuyo, komwe kunali bala lenileni, kunatsala anthu ambiri omwe anatsika nayo timu mu 2023.

Mu January, timu ikumira, anabweretsa wosewera mmodzi yekha, Woyo Coulibaly wa ku Parma.

Patson Daka anachita chiyani sizoni imeneyi?

Zochepa, tinene zoona. Anavulala kakolo pa sewero lokonzekera sizoni ndipo anakhala kunja mpaka November. Atabwerera anagoletsa chigoli chachitatu pa West Ham, sewero loyamba la Van Nistelrooy, ndipo chimenecho chinali chigoli chake chokhacho mu ligi. Nthawi zambiri ankalowa kuchokera pa benchi kumbuyo kwa Vardy.

Abale a ku Zambia amakonda kunena kuti sanapatsidwe mpata wokwanira, ndipo pali choona pamenepo. Mnyamata wa ku Kafue Celtic uja anabwera mu 2021 kuchokera ku Red Bull Salzburg, komwe ankasewera m'timu yothamanga ndi yolanda mpira kutsogolo. Miyezi yake yoyamba inalonjeza zambiri: anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kugoletsa mu Premier League, pa Manchester United, ndipo patangopita masiku ochepa anamwetsa zigoli 4 yekha ku Spartak Moscow. Kuchokera pamenepo wadutsa m'manja mwa aphunzitsi ambiri, ndipo palibe amene anamanga timu momuzungulira. Komabe mipata ina anaipeza n'kuiphonya, ndipo womwetsa zigoli amaweruzidwa ndi zigoli.

Masapota ankaloza chala ndani?

Osati mphunzitsi kwenikweni. Nyimbo ndi zikwangwani zambiri zinkalunjika kwa Jon Rudkin, mkulu woona za mpira, amene anali pa mpandowo kuyambira 2014. Iye analipo pa zabwino zonse za 2016 ndi 2021, koma analiponso pa migwirizano yodula, pa kutsika kwa 2023 ndi pa kusankha Cooper ndi Van Nistelrooy. Aphunzitsi ankabwera ndi kupita, iye osasuntha.

Kudzudzula mwini timu, Aiyawatt Srivaddhanaprabha, yemwe amadziwika kuti Top, kunali kovutirapo. Banja lake, eni kampani ya King Power ya ku Thailand, linagula timuyi mu 2010 ndipo linaichitira zazikulu. Bambo ake, Vichai, anamwalira pa ngozi ya helikopita kunja kwa bwalo lomweli pa 27 October 2018, ndipo mzinda wa Leicester sunaiwale. Koma m'sizoni imeneyi ulemu umenewo unayamba kuchepa, makamaka chifukwa cha chete. Akuluakulu sankalankhula ndi atolankhani, ndipo mafunso onse, ngakhale a ndalama, ankagwera mphunzitsi.

Vardy anachoka chifukwa cha kutsikaku?

Analengeza kuti achoka patangopita masiku ochepa timu itatuluka, mgwirizano wake ukutha. Anali ndi zaka 38, atakhala pa timuyi zaka 13 kuchokera pomwe anagulidwa ku Fleetwood Town mu 2012 pa mapaundi 1 miliyoni. Analembanso uthenga wopepesa masapota, momwe sanabise kuti sizoniyo inali yochititsa manyazi.

Iye ndi amene anagoletsa kwambiri, zigoli 9 mu ligi. Kuti timu ya mu Premier League inkadalira munthu wa zaka 38 kutsogolo sabata iliyonse, zikunena zambiri za kagulidwe komwe tafotokoza kale. Pa 18 May, pa sewero lake la nambala 500, anagoletsa chigoli chake cha nambala 200 pa Ipswich. Pambuyo pake anapita ku Cremonese ya ku Italy.

Panali chabwino chilichonse?

Achinyamata. Jeremy Monga analowa pa sewero la Newcastle pa 7 April ali ndi zaka 15, kukhala panthawiyo wachiwiri kwa wamng'ono kwambiri m'mbiri ya Premier League pambuyo pa Ethan Nwaneri wa Arsenal. Anavala jezi yopanda dzina la kampani pachifuwa, chifukwa yomwe inkathandiza timuyi ndi ya juga ndipo iye ndi mwana. Van Nistelrooy ayamikiridwe pa kulimba mtima kumeneko.

Timu ikatsika chonchi imataya chiyani?

Choyamba ndalama za pa kanema. Ngakhale timu yotsiriza mu Premier League imalandira zoposa mapaundi 100 miliyoni pa chaka, pamene ku Championship ndalama zake ndi kachigawo kochepa chabe. Pofuna kuti timu isagwe chagada, Premier League imapereka ndalama zoipepesera: 55 peresenti ya gawo lomwe matimu amagawana mofanana m'chaka choyamba, 45 peresenti m'chachiwiri, ndi 20 peresenti m'chachitatu. Koma timu yomwe yakhala sizoni imodzi yokha isanatsikenso, ngati Leicester, imalandira zaka ziwiri zokha.

Chachiwiri osewera. Kupatula Vardy, Hermansen anapita ku West Ham, Wilfred Ndidi ku Besiktas, James Justin ku Leeds United, Kasey McAteer ku Ipswich, ndipo El Khannouss anabwerekedwa ku Stuttgart. Cifuentes, yemwe anachokera ku Queens Park Rangers, analembedwa ntchito pakati pa July 2025, kutatsala masabata osakwana anayi kuti Championship iyambe, mlandu wa ndalama uja usanagamulidwe.